Muvi wa Hz ukutsika tikayatsa makina: thandizo pa mageji ndi maswitchi a jenereta ya dizilo

Mbewe wa ku Glen View:

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa za majenereta a dizilo, makamaka kawerengedwe ka mageji ndi ntchito ya maswitchi amene ali pa bolodi yake. Malume anga ali ndi shopu ya ukalipentala kuno ku Glen View mu mzinda wa Harare, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene madzi anachepa kwambiri mu damu la Kariba magetsi n'kumathima nthawi yaitali, akhala akudalira jenereta imene anagula kwa munthu wina itagwirapo kale ntchito pafamu. Tsopano udindo woiyang'anira andisiyira ine, koma buku lake palibe, ndipo wogulitsayo anangowaonetsa polizira ndi pozimitsira basi.

Pa kachitsulo kamene kanakhomedwa m'mbali mwake palembedwa 30 kVA, 400/230 V, 50 Hz, 1500 rpm, ndipo injini yake ilibe turbo. Pa bolodi pali mageji atatu a magetsi, ya V (ma volts), ya A (ma amps) ndi ya Hz (ma hertz). Pansi pa geji ya V pali switchi yopotokola yokhala ndi malo 7, ndipo ya pansi pa A ili ndi malo 4. M'munsi mwake muli geji ya oyilo, ya kutentha kwa madzi, ya batire ndi kowerengera maola, kenako kiyi, batani lalikulu lofiira ndi breaker, switchi yaikulu yodula magetsi opita ku makina.

Ikangolira tisanayatse kanthu, muvi wa Hz umaima pa 52 ndipo wa V umakhala pa 400 kapena kupitirira pang'ono. Tikayatsa makina opalira matabwa, macheka ndi kompresa, mnansi wathu wowotcherera nayenso n'kulumikiza makina ake, Hz imatsika mpaka 45, V imagwa kufika pa 370, ndipo ngakhale ndi khutu umamva kuti injini yalemedwa. Switchi ya A ndinaipotokola mwamantha ikulira, ndipo pa L1, woyamba mwa mawaya atatu otulutsa magetsi (ma phase), ndinapeza ma amps 41, pa L2 18, pa L3 15. Oyilo amayamba pa 4 bar m'mawa n'kutsika kufika pa 3 injini ikatentha, ndipo geji ya madzi masana imafika madigiri 95.

Mnyamata amene amatikonzera tamagetsi ting'onoting'ono akufuna kutsegula bokosi la kumbuyo kuti apotokole kabawuti kolembedwa VOLTS pa AVR, kachipangizo kowongolera V, kuti V ibwerere pa 400, komanso akuti atsitse 52 uja akhale 50 chifukwa ndi wokwera. Malume atsala pang'ono kuvomera. Kodi malangizo amenewa ndi oyenera? Nanga maswitchi awiri opotokolawa amasintha magetsi amene akupita ku makina, kapena ntchito yake ndi ina?

Phiri wa ku Rugare:

A Mbewe, muwauze malume anuwo mwaulemu kuti asalole munthu kukhudza kabawuti ka VOLTS, ndipo 52 uja asiyidwe momwe alili.

Jenereta ndi makina awiri omangidwa pamodzi, injini yozungulitsa ndi alternator yosandutsa kuzungulirako kukhala magetsi, ndipo geji iliyonse imanena za imodzi mwa ziwirizi. Geji ya Hz anaiika pakati pa mageji a magetsi, koma nkhani imene imakamba ndi ya injini. Alternator ya mapolo 4 ngati yanuyo imatulutsa 50 Hz ikamazungulira maulendo 1500 pa mphindi, kotero hertz iliyonse ndi maulendo 30. Mukaona 52 ndiye kuti injini ili pa 1560, ndipo mukaona 45 yatsikira pa 1350. Injini yanu ikutaya maulendo oposa 200 pa mphindi, ndipo palibe kabawuti ka pa AVR kamene kangabwezeretse liwiro limenelo.

Ntchito ya AVR ndi kuyang'anira V n'kumawonjezera kapena kuchepetsa magetsi opita ku makoyilo amene amapanga maginito m'kati mwa alternator. Ma AVR ambiri, kuphatikizapo SX460 imene imapezeka pa alternator za Stamford, anawapanga kuti liwiro likatsika pansi pa 47 Hz kapena chapompo, azitsitsa V mwadala, pofuna kupeputsa injini ndi kuteteza makoyilowo kuti asapse. Choncho 370 amene mukumuonayo akusonyeza kuti AVR ili bwino ndipo ikuchita zimene anaipangira. Kuikakamiza kukweza V pamene injini ikulephera kuli ngati kukwapula ng'ombe yanjala imene yaima ndi ngolo pachikweza. Mota ikamalandira V yokwanira pa Hz yotsika imatentha msanga, ndipo makina akazimitsidwa liwiro n'kubwerera, V imene munakweza ija idzapyola muyezo n'kuotcha mababu, machaja ndi zina zotero.

Za 52 mnyamatayo wasokoneza mitundu iwiri ya gavanala, chipangizo chimene chimasunga liwiro la injini powonjezera kapena kuchepetsa dizilo. Gavanala wamagetsi amasunga 50 kaya katundu (makina okoka magetsi) alipo kaya palibe. Koma gavanala wa zitsulo ndi sipiringi, amene ali pa pampu ya injini zakale zambiri, amalola liwiro kutsika ndi 3 mpaka 5 peresenti katundu akamachuluka, ndipo n'chifukwa chake amamutchera pa 52 popanda katundu kuti afike pa 50 katundu atadzaza. Mukamutsitsa lero, 45 wanu uja mawa adzakhala 43.

Tsopano tiwerengere ngati mwaisenzetsa mopitirira. Jenereta ya 30 kVA pa 400 V imapereka ma amps pafupifupi 43 pa phase iliyonse, ndipo injini yake imayenera kukoka 24 kW. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse, kotero kuno muziiwerengera ngati ya 20 kW. Anthu ambiri amagula jenereta osaganizira zimenezi. Ngakhale zili choncho, ma amps anu mukawaphatikiza ndi 74, amene ndi katundu wa pafupifupi 16 kVA, ndipo injini yabwinobwino siyenera kugwada pamenepo. Ilipo njala penapake, ya mpweya kapena ya dizilo.

Mundiyankhe zinthu ziwiri. Kodi muvi umatsika pa 45 n'kubwerera pakapita masekondi ochepa, monga zimachitikira kompresa ikamanyamuka, kapena umakhazikika pomwepo? Nanga utsi wa ku ekizozi umaoneka bwanji panthawiyo? Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo akulowa wokwanira koma mpweya womuotchera ukuperewera. Ngati liwiro likutsika utsi osada, dizilo ndi amene sakufika, ndipo muyambe ndi fyuluta yake, madzi a m'kagalasi ka pansi pa fyuluta, ndi mapaipi amene angakhale akukoka mpweya pamalumikiziro.

Nabanda wa ku Mufakose:

Bambo Phiri afotokoza bwino za injini ndipo sindikutsutsa, koma ndikuona kuti adutsa mofulumira pa ma amps 41 a pa L1. Kuphatikiza ma phase atatu n'kunena kuti katundu ndi wochepa n'zoona ku injini, chifukwa iyo imangomva kulemera konse pamodzi, koma alternator sidziwa masamu amenewo. Koyilo ya L1 yatsala ndi ma amps awiri okha kuti ifike pamalire ake, pamene zinzake ziwiri zikusenza osakwana theka. Mosakayika makina owotcherera, mababu ndi masoketi onse anawalumikiza pa phase imodzi, zimene zimachitika kawirikawiri m'mashopu amene mawaya ankangowonjezera pang'onopang'ono. Zikatero breaker ikhoza kugwa chifukwa cha phase imodzi yokhayo, alternator imatentha mbali imodzi, ndipo mamota a ma phase atatu amalandira V yosafanana n'kumatenthanso.

Achimwene a Mbewe, maswitchi opotokolawo musawaope, sasintha magetsi opita ku makina. Geji ya V ndi imodzi koma malo oyeza alipo 6, ndiye switchi imangosamutsa timawaya ta geji kuchoka pamalo ena kupita pena. Malo atatu, L1-L2, L2-L3 ndi L3-L1, amayeza pakati pa phase ndi phase ndipo muyenera kupeza 400. Atatu enawo, L1-N, L2-N ndi L3-N, amayeza pakati pa phase ndi neutral ndipo muyenera kupeza 230. Otsalawo ndi OFF. Muzipotokola m'malo onse makina akugwira ntchito, chifukwa ma AVR ambiri osavuta amayang'ana mawaya awiri okha, kotero phase imene sakuiyang'ana ikhoza kukwera kapena kutsika inu osadziwa ngati switchi imangokhala pamalo amodzi chaka chonse.

Switchi ya A ndiyo ili ndi choopsa chobisika, osati poipotokola koma poikonza. Magetsi a katundu sadutsa m'geji. Mukatsegula bokosi injini itazima muona timphete titatu, kalikonse kali ndi chingwe chachikulu chodutsa pakati pake, ndipo timeneti ndi ma CT. Pa kamphetepo pamalembedwa manambala monga 50/5, kutanthauza kuti chingwe chikasenza ma amps 50, ku geji kumapita 5. Timawaya tiwiri totuluka mu CT sitiyenera kusiyidwa totseguka pamene chingwe chasenza katundu, chifukwa pamenepo pamabuka V yaikulu imene ingathe kuotcha CT kapena kugwira munthu. Switchi ya A anaipanga mwapadera kuti ikasankha phase imodzi, izilumikizitsa timawaya ta ma CT awiri enawo. Ikadzawonongeka musalole wina kuikapo switchi ya V poti ikuoneka yofanana, ndipo musachotse waya kumbuyo kwa geji ya A jenereta ikulira.

Kiyi nthawi zambiri amakhala ndi malo 4. Pa OFF zonse zazima. Pa ON mageji a injini amadzuka ndipo solenoid ya pa pampu imatsegula njira ya dizilo, n'chifukwa chake mumamva kulira kuti kha. Pa HEAT mapulagi otenthetsera amayaka, zimene zimathandiza m'mawa wozizira wa June ndi July, ndipo pa START sitata imazungulitsa injini. Musapitirire masekondi 10 mukugwira START, ndipo ikakana muzipumitsa sitata musanayesenso.

Batani lofiira ndi la pangozi, monga moto, utsi wotuluka mu alternator kapena munthu wogwidwa ndi magetsi. Ndatchula zimenezi chifukwa m'mashopu ambiri ndimapeza kuti ndilo lakhala pozimitsira pa tsiku ndi tsiku. Injini ikazimitsidwa mwadzidzidzi itasenza katundu, madzi ndi fani zimaima pamene zitsulo zikadali zotentha kwambiri, komanso alternator ikhoza kutaya kamaginito kotsalira kamene imayambira nako, tsiku lotsatira injini n'kulira bwinobwino koma V osakwera. Pozimitsa muziyamba ndi makina, kenako breaker, injini muisiye ilire yopanda katundu kwa mphindi 3 mpaka 5, ndiyeno kiyi. Poyatsa breaker ikhale yotsitsa, muone oyilo atakwera, Hz ndi V zitakhazikika, kenako mukweze breaker n'kuyamba ndi mota yaikulu kuposa zonse. Batanilo likadinidwa limakhala lolowa mpaka mutalipotokola, ndipo ndaitanidwapo kukaona jenereta yokana kulira pamene vuto linali lokhali.

Simunatchule changeover. Ngati shopu ili ndi magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi kuno ku Zimbabwe, payenera kukhala switchi yosankha pakati pa ZESA ndi jenereta, yopangidwa moti ziwirizi sizingakumane ngakhale munthu ataiwala. Kulowetsa magetsi a jenereta kudzera pa soketi kumawabweza m'mawaya a kunja, ndipo kukhoza kupha munthu amene akukonza pa polo akuganiza kuti mawaya ndi ozizira. Kwa ena amene akuwerenga ndipo ali ndi mabolodi atsopano a Deep Sea, ComAp kapena SmartGen, dziwani kuti jenereta yosiyidwa pa AUTO imadzilizira yokha magetsi akangothima, kotero musanalowetse dzanja pafupi ndi fani muidine STOP n'kuchotsa waya wa negative pa batire.

Chisale wa ku Dzivarasekwa:

Ndingowonjezera pang'ono pa zimene akuluakulu anena. Mageji a muvi pa jenereta yakale amakhala atagwedezeka zaka zambiri, ndipo ena amanama. Injini itazima muone ngati muvi wa V ndi wa A ukubwerera pa 0, ndipo ngati sukubwerera pali kabawuti pansi pa galasi kouwongolera. Mubwereke clamp meter (chida choyezera ma amps pongochipanitsa pa waya) imene imayezanso Hz, muyerekeze ndi zimene bolodi ikunena musanagule chilichonse. Kumbukiraninso kuti makina owotcherera amakoka magetsi modukizadukiza, kotero 41 amene munaona akhoza kukhala wochepa poyerekeza ndi zimene L1 imasenza ndodo ikangogunda chitsulo.

Mbewe wa ku Glen View:

Zikomo kwambiri bambo Phiri, mayi Nabanda ndi achimwene a Chisale. Malume ndawawerengera mayankho anu ndipo bokosi la AVR silinatsegulidwe.

Bambo Phiri, muvi umakhazikika pa 45 nthawi yonse imene makina akugwira ntchito, ndipo utsi umakhala wakuda bii. Jenereta ili kuseri kwa shopu, kumene makina opalira amaponyera utuchi. Nditatsegula chitini cha fyuluta ya mpweya ndinapeza mipata yonse ya pepala itadzaza ndi utuchi wosalala wosakanikirana ndi oyilo, woti ukaukanda ndi chala umachoka ngati chikhungwa, ndipo kagalasi kakang'ono ka pakhosi pa chitinicho kanali kataonetsa kufiira. Rediyeta nayonso mbali ya ku fani inali itamatidwa moti ukaunika tochi kuwala sikudutsa. Tagula fyuluta ina, ndipo rediyeta taiuzira ndi mpweya wa kompresa kuchokera kunja kulowera m'kati. Tsopano makina onse akuyaka Hz ikukhala pakati pa 50 ndi 51, V ikukhala pa 400 ndipo madzi sakupyola madigiri 85. Clamp meter yagwirizana ndi bolodi, kupatula geji ya V imene ikuwonjezera pang'ono.

Mayi Nabanda, munalondola. Mababu, masoketi ndi makina owotcherera zonse zinali pa L1. Wodziwa zamagetsi wagawa mababu ndi masoketi ku ma phase enawo, ndipo tsopano ndikupeza 27, 24 ndi 22. Changeover ilipo, ya chogwirira chachikulu chokhala ndi malo atatu.

Ndatsala ndi funso limodzi. Poyeretsa ndaona waya wina atapachikika pafupi ndi fyuluta ya oyilo, nsonga yake atakulunga ndi tepi, ndipo pafupi pake pali kachipangizo komangidwa m'thupi la injini kamene kalibe waya. Geji ya oyilo ikugwirabe ntchito. Kodi ndi waya wosafunika amene anangotsala?

Phiri wa ku Rugare:

Wayayo ndi wofunika kwambiri, a Mbewe, ndipo musachedwe naye. Pa injini zotere pamakhala tizipangizo tiwiri ta oyilo. Koyamba ndi sender, kamene kamatumiza uthenga ku geji kuti muvi ukwere kapena utsike, ndipo ntchito yake imathera pongokuonetsani. Kachiwiri ndi switchi ya oyilo, ndipo iyi ndiyo imazimitsa injini. Mtundu wofala umakhala wolumikizana ndi thupi la injini pamene mulibe mphamvu ya oyilo, n'kutseguka oyilo akakwera. Mphamvuyo ikagwa injini ikulira, kawirikawiri kufika cha pa 1 bar kapena pansi, switchi imalumikizanso, bolodi imadula magetsi a solenoid ndipo dizilo amatsekeka. Bolodi imadikira masekondi pafupifupi 10 injini ikangolira isanayambe kumvera switchiyi, kupatsa oyilo mpata wokwera. Mukachotsa waya, bolodi imaona ngati oyilo ali bwino nthawi zonse, kotero paipi itaphulika inu muli m'shopu makina akusokosa, injini idzapitiriza kulira mpaka itagwirana.

Funso lalikulu n'lakuti anamuchotseranji. Mwina switchi inawonongeka n'kumazimitsa injini popanda chifukwa, kapena inkanena zoona ndipo mwini wake wakale anatopa nayo. Geji yanu ikuonetsa 3 bar injini itatentha, umene ndi muyezo wabwino pa injini zambiri, koma sender nayo imakalamba, choncho makaniki amange geji ya paipi pamalo pa switchiyo ndipo ayeze injini itagwira ntchito ola lathunthu. Akapeza kuti zikugwirizana, gulani switchi yatsopano, mtengo wake ndi wochepa. Kuti mudziwe ngati mbali ya bolodi ikadali yamoyo, lizani injini breaker ili yotsitsa, dikirani theka la mphindi, chotsani tepi n'kugunditsa nsonga ya wayayo pachitsulo choyera cha injini, manja ndi malaya zili kutali ndi fani ndi lamba wake. Injini iyenera kuzima ndipo getsi la oyilo liyake. Ikapanda kuzima ndiye kuti anadulanso kwina m'kati mwa bolodi. Muyang'anenso ngati switchi ya kutentha, imene imakhala pafupi ndi thermostat, ili ndi waya wake, chifukwa wochotsa mmodzi kawirikawiri amachotsa onse awiri.

Geji ya madzi musaikhulupirire yokha. Sender yake imayeza bwino ikakhala yomira m'madzi, ndipo madzi akatayika onse imatsala mumpweya, muvi n'kumaonetsa kutentha kwabwino kapena kutsika kumene pamene injini ikupsa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse injini isanalire muzitsegula chivindikiro cha rediyeta n'kuona madzi ndi maso, koma osatsegula ikatentha. Geji ya batire pa makina a 12 V izionetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4 injini ikulira, ndipo ikangokhala pa 12 muyambe mwaona lamba wa fani, chifukwa lamba yemweyo ndi amene amazungulitsanso pampu ya madzi pa injini zambiri.

Kowerengera maola kaja mukagwiritse ntchito. Injini zakale zambiri zimafuna oyilo watsopano pa maola 250 aliwonse, koma pamalo a utuchi ngati anuwo fyuluta ya mpweya siyidikira maolawo, muziiona mlungu uliwonse, ndipo ngati n'kotheka jenereta isamutsidwe kapena pamangidwe khoma pakati pa iyo ndi poponyera utuchi, bola pakhale podutsa mphepo yokwanira ndipo ekizozi iloze kutali ndi mawindo. Ngati utsi wakuda ukuonekabe pang'ono ngakhale fyuluta ndi yatsopano, ma injector apite kukayezedwa. Mudzatiuze zimene geji ya paipi yaonetsa.